Mabulangete pa waya, notisi kwa loja

Loweruka lapitali ndinakwera kombi, minibasi ya kuno, kuchoka ku Mkoba kupita ku Mandava. Anandiitana ndi malume anga a Phiri, amene anapuma ntchito ya mumgodi. Mwana wawo Esinati amaphunzira zaunamwino pa intaneti Loweruka lililonse m'mawa, koma chithunzi chimangouma, mawu a mphunzitsi n'kumaduka.

Ndinapeza mlandu ataugamula kale. Wolakwa ndi Mai Sibanda, loja wawo wochita lendi pakhomopo, mayi wamasiye wogulitsa tomato. Ati foni yawo ndi imene "ikudya netiweki". Notisi anali atapereka: mwezi ukatha, atuluke.

Umboni? Anawaona akuseka ndi foni pakhonde. Basi!

Ndinatsegula laputopu. Paja zinthu pa netiweki zimayenda m'timaphukusi, ndipo pali njira yoyesera yotchedwa ping: umatumiza timaphukusi n'kuwerenga tobwerera. M'nyumba yaikulu, pafupi ndi rauta, kabokosi kogawa netiweki, ndinatumiza khumi kunja, tonse tinabwera. M'kanyumba kakuseri kamene Esinati amawerengera, pa khumi tinayi tinasowa. Ndinapempha Mai Sibanda kuti azimitse foni. Anazimitsa. Tinayi tinasowabe.

Nditalondola njira yake, ndinaona kuti timaphukusito sitinkafika n'komwe pa rauta. Tinkatayikira pabwalo pomwepo. Ndinatuluka kutsatira waya wochoka kunyumba yaikulu kupita kukanyumbako.

Mayo ine! Mabulangete atatu onyowa ali lende pa waya wa netiweki. Mapegi anadya chikopa chake mpaka timawaya tamkati kuonekera, pulagi yakumapeto yatsala pang'ono kuzuka. Mayi a Esinati amachapa Loweruka, ndipo anati chingwe chabuluucho n'cholimba kuposa chakale.

Iwowo sindikuwada, sankadziwa. Chimene chinandiwawa ndi chimene chinatsatira.

"Malume, notisi ija muibweze," ndinatero.

"Aikona!" anayankha m'chilapalapa chawo cha kumgodi. "Mwamuna sameza malovu amene walavula. Usinthe wayayo, ndipo usauze anthu."

Ndinapsa mtima, sindinama. Kodi ife tinakhala bwanji? Madzi akachepa mu dilamu, ndi loja. Magetsi akatha msanga, ndi loja. Geti likasiyidwa lotsegula, ndi ana a loja. Sitiyesa, sitifunsa, timangoyang'ana amene sangatiyankhe. Zoonadi chala sichiloza mwini.

Ndipo ife a Phiri ndi a Banda kuno kuchigawo cha Midlands tiyenera kuchita manyazi kawiri. Makolo athu anabwera m'dziko lino ngati alendo ndi sutikesi imodzi, nkhuku ikasowa mu komponi ya pamgodi oyamba kusechedwa anali iwowo. Malume omwewa amatisimbira zimenezi misozi ili m'maso. Lero apeza nyumba, aiwala?

Laputopu ilibe chibale. Inayamba kufufuza m'nyumba, kenako pabwalo, isanaloze munthu. Ntchito yonse sinakwane ola limodzi. Munthu wamkulu angalephere bwanji kudikira ola asanachotse mnzake pogona?

Waya ndinasintha, ndinaukhomera m'mwamba pakhoma. Esinati anamaliza phunziro lake osadukiza. Zosauza anthuzo ndakana, ndi izi mukuwerengazi.

Pochoka ndinapeza Mai Sibanda akulongedza mbale m'katoni. Anandifunsa motsitsa mawu, "Mwanangu, wapeza kuti ndine?"

Ndinati ayi, mayi, si inu. Anagwedeza mutu, n'kupitiriza kulongedza.

Malume, mwezi sunathe. Kuchokera pakhomo panu kufika pa chitseko chawo ndi mapazi khumi okha. Mupita liti?