Mkazi Mnzanga Anali Goloboyi

Amuna anga anandifunsira ali goloboyi wa timu ya pa boma ku Lundazi. Zala zawo zinali zokhotakhota chifukwa cha mpira, koma njinga ankaigwira bwino. Ankandikweza pa kaliyala, atamangapo kapilo kamene ndinasoka ndekha, n'kudutsa nane dala pamsika kuti anthu aone. Ine ndinkakhala chammbali, khosi lili neng'a, ngati mkazi wa bwana.

Bondo litayamba kuwavuta anasiya kugwira, ndipo akomiti anawapatsa ukochi. Akuti woima pagolo amaona bwalo lonse, komanso kukalipira anzawo anali atazolowera kale. Ndinalulutira tsiku limenelo. Ndikanadziwa!

Timu inkapita kokasewera panjinga, ku Mphamba ndi kwina kutali. Amuna anga anaika lamulo lakuti goloboyi asapalase, manja angachite dzanzi ndi mabampu. Choncho amene analowa m'malo mwawo pagolo, chimnyamata chachitali cha ndevu kale, ankachinyamula okha. Pa kaliyala yanga, pa kapilo kanga.

Anzanga akalandidwa mwamuna amathamangira kwa ankhoswe. Nanga ine ndikanakanena chiyani? Kuti wandilanda ndi goloboyi? Nsanje inkandidya ngati chiswe. Mtedza ndikazinge ine, wodya iyeyo. Iye akangoyetsemula, a kochi ali pa ulendo wosaka mandimu. Ndiye mnyamatayo anali ndi ulemu wopsetsa mtima. Akafika pakhomo ankanjuta n'kupereka moni m'Chitumbuka kuti, “Mwatandala uli, amama?” Ine ndinkayankhira kumphuno.

Loweruka lina, ndili ndi pakati potopa, ndinati, “Atate, nipelekezeniko ku chipatala, miyendo yatupa.”

“Lelo tili na bola, amai,” anayankha, kunena mpira, akupopa tayala. “Yendani pang'onopang'ono, si patali.”

Ndinayendadi. Anandipitirira panjira fumbi lili kobo, goloboyi ali phee pa kapilo kanga, akundibayibitsa. Ndinamufunira kuti amuchinye mpaka ukonde ung'ambike, koma anapambana, ndipo madzulo ndinamva nkhani yonse ya mmene anadumphira. Za miyendo yanga anafunsa m'mawa mwake.

Patapita zaka timu inayamba kugonja, ndipo akomiti anabweretsa kochi wina wochokera ku Chipata. Amuna anga anabwera akukankha njinga, wezulo ali m'thumba. Pakamwa ndinawapepesa, koma nkhuku ndinapha.

Loweruka lotsatira anapukuta njinga n'kunena kuti, “Kwelani, amai, tipite ku maliketi.”

Ndinavala chitenje chatsopano. Kapilo kanali kataphwa, kosandidziwanso, koma ndinakhalapo chammbali monga kale, mtima uli mbee.

Tsoka ilo, njira ya kumsika imadutsa pabwalo la mpira, ndipo anyamata anali pomwepo ndi kochi wawo watsopano. Njinga inayamba kuzengereza, kenako inaima. Amuna anga anaponda phazi limodzi pansi, khosi litapotokera kugolo.

“Coka pa laini, iwe! Tuluka!” anakuwa.

Goloboyi uja anatuluka n'kuwakha mpira, ndipo amuna anga anaseka kuseka kumene ndinali ndisanakumve sabata yonse.

Ndinadikira. Ndinatsokomola. Kenako ndinatsika, n'kumasula kapilo kanga, n'kuuyamba wapansi. Ndili pa mtengo wa mango wa kumapeto kwa bwalo ndinacheuka. Anali chiimire, akuloza ndi zala zawo zokhota zija, osamva n'komwe kuti njinga yapepuka.