Yunifolomu ya Lamlungu

Ndinaganiza zopita ku Joni ndili m'munda, ndikukolola chimanga chimene sichinadzaze ngakhale ngolo imodzi. Mwamuna wanga anali atamwalira, ndipo Temwa, mwana wanga mmodzi yekhayo, anali mu Sitandade 5. Kwathu ku Champhira malowolo akaperekedwa mwana amakhala wa kuchimuna. Choncho nditanena zonyamuka, alamu anga a Fwasani, akulu ake a malemu, sanachedwe kuyankha.

"Pitani, mulamu. Mwana ngwathu uyu, mbwenu aphunzira."

Anandiperekeza mpaka pa Jenda atandinyamulira chikwama. Temwa sanalire. Anangogwira nsonga ya chitenje changa mpaka basi inaliza hutala.

Ndinakafikira ku Cape Town, kumene ndinapeza ntchito yosamalira gogo wina wachizungu wodwala matenda oiwala. Kumusambitsa, kumudyetsa, kumutembenuza pabedi. Sabata inkatha osamva munthu akunditchula NyaShaba. Mwezi ukatha ndinkatumiza ndalama za sukulu ndi feteleza kwa a Fwasani, ndipo Lamlungu lililonse iwo ankanditumizira kavidiyo pafoni. Temwa ankaima chilili n'kunena kuti, "Monire amama, tili makora, sukulu ikuyenda." Kavidiyo kameneko ndiko kankandigwira mtima mpaka Lamlungu linalo.

M'chaka chachinayi ana a gogoyo anandilembetsa kosi yosamalira okalamba pa koleji ina yaing'ono. Kumeneko aliyense ankayenera kusankhanso phunziro limodzi lapadera. Lomwe linagwera Lachinayi masana, nthawi yanga yopuma, linali la mafilimu. Ankaphunzitsa ndi Mayi Luz, a ku Philippines, munthu wamfupi wolankhula motsitsa, ndipo chigawo chonsecho anatipatsa mafilimu a kwawo.

Masabata awiri oyamba ndinkasinza. Ine ndinazolowera mafilimu a mfiti ndi kukuwa, amene woipa umamudziwa akangotulukira. Awa ayi. Kamera inkangoima malo amodzi, munthu akubwera kuchokera kutali mumsewu wamatope, iwe n'kumudikira mpaka afike. Koma pang'onopang'ono ndinayamba kuona kwathu mmenemo: mvula ikusokosa pamalata, amayi akuthamangira kutchalitchi, pamaliro amuna akuseka panja pamene m'nyumba akulira. Ndipo pafupifupi khomo lililonse linali ndi wake amene ali kunja, wotumiza makatoni ndi ndalama. Ndinayamba kupempha mafilimu ena kwa Mayi Luz, n'kumaonera gogo uja akagona masana. Chinenero chawo sindinkachimva, koma anthuwo ndinkawadziwa.

Tsiku lina tinaonera banja likudya, bambo akusimba nthabwala za kunyanja. Mayi Luz anaimitsa filimuyo.

"Mwaona chiyani?"

Tonse tinati taona bambo wosangalala.

"Kwathu choipa sichinenedwa pakamwa," anatero. "Musamayang'ane wolankhula. Yang'anani amene wakhala chete, ndipo muzimvetsera zomveka kumbuyo."

Atabwereza, tinaona kuti mayi wa m'nyumbamo sanakhudze mbale yake, ndipo panja njinga yamoto inkadutsa pang'onopang'ono, kubwerera, kudutsanso. Ndinatuluka m'kalasimo ndikuti mafilimu amenewa ndidzawaonera mpaka ukalamba.

Lamlungu lotsatira kavidiyo kanabwera monga mwa masiku onse. Temwa, amene tsopano anali mu Fomu 1, anavala yunifolomu. Ndinamwetulira, kenaka ndinadzifunsa: yunifolomu Lamlungu? Malayawo anali ndi mizere ya chovala chokhalitsa chopindidwa. Kumbuyo kwake kunali khoma la penti wabuluu, pamene nyumba ya a Fwasani ndi ya njerwa zosapaka. Ndinakweza mawu. Kunkamveka malole akumanga mabuleki, ndi munthu akuitanira, "Kasungu, Lilongwe!" Mudzi wathu uli kutali ndi msewu wa tala. Kumeneko kumamveka ng'ombe ndi njiwa basi.

Ndinabwerera m'mavidiyo akale, limodzilimodzi. Njiwa ndi ng'ombe zinasiya kumveka miyezi isanu m'mbuyomo. Kuyambira pamenepo Temwa akamaliza mawu ankaponya maso kumbali, kwa munthu wina amene sanali wogwira foni.

Ndinaimbira a Fwasani kuti andipatse mwanayo ndilankhule naye. Anati wapita kukawerenga kwa anzake. Mawa lake anati netiweki. Ndinaimbira amayi anga ondibereka, amene amakhala mudzi woyandikana nawo.

"Ali makora chomene," anayankha ndisanamalize funso. "Iwe gwira ntchito."

Amayi anga amakonda nkhani, koma tsiku limenelo anadula foni ndi iwo.

Sindinauze aliyense kwathu. Ndinatsanzika kwa ana a gogo, ndinalembera Mayi Luz kuti mayeso sindilemba, n'kukwera basi.

Ndinatsika pa Jenda m'mawa, koma sindinakwere njinga ya kumudzi. Ndinasiya chikwama pagolosale ina n'kuyamba kuyenda kuseri kwa masitolo, ndikuyang'ana makoma. Khoma labuluu ndinalipeza kumbuyo kwa shedi yogulirako chimanga. Pansi pake mtsikana wovala duku ndi chitenje anawerama akuchapa mathalauza aamuna. Atadzutsa mutu, sopo anamupulumuka m'manja.

"Amama," anatero. Sanandithamangire. Anayang'ana kukhomo kaye.

Pakhomopo panatuluka bambo wa imvi m'ndevu, mwini shediyo. Anagwira manja mwaulemu, n'kupinda bondo pang'ono.

"Yewo, apongozi. Mwafika liti? Bwenzi titakuchingamirani."

"Apongozi anu ndani?"

"Ng'ombe tinapereka zonse. A Fwasani sanakuuzeni?"

Ndinalowa m'nyumbamo osaodira. Pamsomali kuseri kwa chitseko panapachikidwa jumbo, ndipo m'jumbomo munali yunifolomu.

"Amandiveka Lamlungu a Fwasani akabwera ndi foni," anatero Temwa chapansipansi. "Anati ndikakuuzani mudwala, ntchito ikutherani."

Anali ndi zaka khumi ndi zisanu. Ndinamugwira dzanja, jumbo ija kudzanja linalo, ndipo tinayenda mumsewu waukulu anthu akutiyang'ana mpaka kupolisi. Bambo uja anatitsatira pang'ono akuti, "Tikambirane ngati anthu," kenaka anabwerera.

Mlandu wake ukuyendabe mwa apo ndi apo. Ng'ombe zinabwezedwa, ndipo a Fwasani salankhula nane. Koma chimene chimandipweteka mtima mpaka lero si iwowo. Nditafika kumudzi aliyense anandilandira ndi manja awiri, "Yewo, mwayenda uli," amayi a mvano, aphunzitsi, anzanga otunga nawo madzi. Onse ankadziwa. Ena anadya nawo nyama ya tsiku la ukwatiwo. Amayi anga anandiyankha maso ali pansi.

"Tikanakuuza ukanabwera. Ndiye popanda ndalama zako tonse kuno tikanatani?"

Pamenepo ndinadziwa kuti kwathu ankandikonda kwambiri ndili kutali.

Tsopano tikuchita lendi ku Mzimba boma. Ndimasamalira odwala m'makomo mwa anthu, ndipo Temwa anabwerera ku Fomu 1. Salankhula zambiri. Mayi Luz amanditumizirabe mafilimu pafoni, ndipo nthawi zina mwanayo amakhala pambali panga kuonera nawo osafunsa kanthu.

Sabata yatha mnansi wathu NyaTembo anabwera kudzandipempha kuti ndimujambule, poti foni yanga ndi yabwino, atumizire mwamuna wake ku Joni. Pakhonde pake panagona apongozi ake, mayi a mwamunayo, atawonda mpaka mafupa kuonekera m'bulangete.

"Mujambulire cha uku," anatero NyaTembo akundikokera ku mtengo wa mapeyala. "Asaoneke, angadandaule kumeneko."

Ndinajambula kumene anandilozera. Anaseka bwino, nati onse ali makora. Titamvetsera, chifuwa cha gogoyo chinkamveka kumbuyo, chachitali, chosalekeza.

"Chotsanimo icho," anatero.

"Sindidziwa kuchotsa mawu," ndinanama, ndipo ndinatumiza.

Foni ikuonetsa kuti mwamunayo anaonera tsiku lomwelo. Sanayankhebe.