Tsiku limene Esinati anagenda kumwamba

Ndikukumbukira chaka chimene bambo anasiya kuseka. Tinkakhala ku Nsambe, m'nyumba yozunguliridwa ndi mitengo ya manachesi, ndipo bambo anali mkulu wa mpingo, munthu wopempherera ngakhale madzi akumwa. Chinkawadya mumtima chinali mng'ono wanga Esinati, amene anabadwa wosamva. Anzake onse anali atalowa kalasi ya ubatizo, koma iye akuluakulu a mpingo anamukana poti sakanatha kuyankha mafunso. "Mwana amene sanamvepo dzina la Mulungu adzamudziwa bwanji?" bambo ankafunsa mayi.

Ineyo mafunsowo ndinkawaloweza ngati nyimbo, ngakhale kuti popemphera ndinkatsinzina diso limodzi, linalo lili pa ndiwo. Esinati ankagwada ife tikagwada, n'kudzuka ife tikadzuka. Bambo ankati akungotsanzira.

Esinati anali ndi nkhuku yake imene azakhali anamupatsa, ndipo inaswa anapiye asanu. M'mawa uliwonse ankawakumbira chiswe, osalola aliyense kuwakhudza. Tsiku lina masana tikupalira kumunda, kumwamba kunada bii, mphepo yozizira n'kutsika m'phiri, kenako kunagwa matalala aakulu ngati mazira a njiwa. Titafika kunyumba, pabwalo panali poyera mbee, ponseponse pakununkha masamba ophwanyika. Anapiye onse asanu anali atafera pafupi ndi nkhokwe.

Esinati sanalire. Anatola mwanapiye mmodzi n'kumukweza m'mwamba ndi manja awiri, ngati akuonetsa munthu. Kenako anakuwa ndi mawu amene ndinali ndisanawamvepo, n'kutola chibuma kugenda mitambo. Anatola china, n'kugendanso. Mayi anathamanga kuti akamugwire, ati ndi mwano, koma bambo anawaletsa.

"Musiyeni," anatero bambo. "Kugwada anaonera ife. Nanga izi waonera ndani? M'nyumba muno alipo anayamba wakalipirapo kumwamba? Munthu sagenda kumene akudziwa kuti kulibe munthu." Ndinadabwa kuona misozi ikutsika m'masaya mwawo.

Lamulungu lotsatira anakafotokoza nkhaniyi kwa akuluakulu anzawo. Anakangana miyezi ingapo, koma Esinati anabatizidwa osayankha funso ngakhale limodzi.

Lero zinthu zinasintha. Ana osamva amapita kusukulu, ndipo m'matchalitchi ena muli omasulira ulaliki ndi manja. Zoseketsa n'zakuti ine amene ndinakhoza mafunso onse ndi amene ndimavutika ndi kukayika. Chaka chatha ndinalimba mtima kumufunsa Esinati, ndi manja, kuti ankagenda ndani tsiku lija. Anaseka, n'kundiyankha kuti, "Dzina lake sindinkalidziwa. Koma anapiye anga anali atafa, ndipo wina anayenera kundiyankha."

Mpaka pano sindidziwa ngati munthu amabadwa nacho chikhulupiriro kapena chimamera pa chisoni. Chimene ndikudziwa n'chakuti mng'ono wangayo ndimamuchitira nsanje.