Tinkati Ndi Chimfine

Ndikukumbukira chisanu china ku Masasa, ndili ndi zaka khumi. Chifunga chinkatsika kuchokera kumapiri a Kaning'ina n'kukhala pamadenga mpaka dzuwa litakwera, ndipo mwana akadwala nyengo imeneyo, anthu ankangoti ndi chimfine.

Anayamba ndi bambo. Anasanza, kutsegula m'mimba, koma posakhalitsa anabwerera kuntchito. Kenako ine. Kenako mlongo wanga Tiwonge, yemwe anali atangosiya kuyamwa.

Amayi anachita zonse zimene ankadziwa. Anawiritsa masamba a bulugama n'kumufunditsa bulangete kuti apume nthunzi. Madzi anam'mana, poopa kuti am'zizira m'chifuwa. Ndiponso chilichonse chimene wamwa chinkabwerera. Tiwonge ankangolira mopanda misozi, maso akulowa m'kati.

Atasiya kulira m'pamene tinathamangira naye kuchipatala.

"Mama, watsokomolapo mwanayu?" anafunsa anamwino.

"Ayi."

"Mamina?"

"Ayi, koma kwazizira chomene, asisita."

"Chimfine chimagwira mphuno, pakhosi ndi chifuwa. Ichi n'cham'mimba, ndipo madzi amuthera m'thupi. Kunyumba mumasamba bwanji m'manja?"

Amayi anafotokoza mwaulemu: beseni limodzi, kuyambira bambo, kutsika mpaka wamng'ono. Umu ndi mmene tinaleredwera. Tiwonge ankasambitsidwa pomaliza, m'madzi a tonsefe, n'kuika zala m'kamwa.

Anamwino sanakalipe. "Muzithirirana, ndi sopo. Matendawa amayenda m'manja, osati m'mphepo."

Anamuika diripi, koma tinali titachedwa.

Anthu atabalalika pamaliro, tinakhala pachakudya atatu. Amayi anabweretsa beseni monga mwa masiku onse, n'kuima nalo pakhomo. Bambo anadzuka, anawalandira besenilo, natenga jagi. Munthu amene chibadwire changa ndinkamuona akusamba poyamba anawerama n'kundithirira ine madzi, kenako amayi.

"Yewo," anathokoza amayi motsitsa mawu. Palibe anadya.

Lero ndakalamba. Mkazi wanga ndinamuika kale, ndipo ndikudziwa mmene munthu amadzifunsira mafunso pamanda. Amayi sindiwaweruza; ankakonda mwana wawo, ndipo Mulungu anaona zimenezo. Chimene ndazindikira n'chakuti tinayang'ana kunja kuti kwacha bwanji m'malo moyang'ana mwanayo. Mdzukulu wanga akasanza, ndimamumwetsa madzi a mchere ndi shuga pang'onopang'ono, ngakhale abweze, ndipo sindidikira kuti asiye kulira.