Loweruka limene sindinapite ku Normanton

Chaka cha 2003 ndinali ndi zaka 49. Ndi chaka chimene ndinafika ku Leicester, kutsatira mkazi wanga amene anali atatsogola kudzasamalira okalamba. Ine ndinalowa ntchito m'fakitale yochapa zofunda za m'zipatala. Sukulu ndinalekezera Sitandade 6, ndipo sindinabisirepo munthu.

Nthawi imeneyo a kwathu mumzinda muno tinali ochepa. Ine ndinkadziwa mabanja asanu ndi limodzi. Lamlungu tinkapemphera pabalaza panga ku Beaumont Leys, ana atakhala pamasitepe. Kenako anthu anayamba kufika, makamaka manesi, amuna awo akutsatira pambuyo. A ku Zambia ndi a ku Zimbabwe olankhula Chinyanja anabweranso kudzapemphera nafe. Pabalaza panachepa, tinabwereka holo ya sukulu. Kiyi ndinkasunga ndine. Maliro akagwa, foni yoyamba inkalira kwanga. Mlendo akasowa pogona, ankamulozera kwanga.

Mwa alendowo munali mwamuna wina wa kwathu ku Ntcheu, wophunzira, wa digiri. Anafika m'nyengo yozizira ndi chikwama chimodzi, alibe ndi jekete lomwe. Anagona pabalaza panga miyezi inayi. Atapeza nesi woti amange naye banja, amalume ake anandiimbira kuchokera kumudzi. Anati, "Ife kumeneko sitingafike. Mutiimirire ndinu, mukhale nkhoswe yake." Ndinavomera. Kuchikazi kunaima azakhali a mkaziyo, mayi wosaseka ndi munthu, wokhala ku Normanton mu Derby. Ukwatiwo tinaumanga awirife. Pa zaka khumi zoyamba anatiitana kawiri kukaweruza nkhani, ndipo kawiri konseko banja linaima.

Kenako Leicester anayamba kutha. Sindikunena mzindawo. Mzindawo unkangodzaza, mumsewu mwathu munalowa zilankhulo zimene sindinazimvepo chibadwire. Amene ankatha ndi athu. Lendi inakwera. Ku tawuni ya Corby kunachuluka ntchito za m'maweyahausi osungiramo katundu, nyumba zinali zotsikirako mtengo, ndipo basi ya kuntchito inkatenga anthu pafupi ndi pakhomo. Banja limodzi likasamuka linkakoka achibale ake. Ena analowera ku Derby. Obwera kumene kuchokera kwathu sankatsikiranso kuno, ankangodutsa. Mipando ndinkayala ndine, choncho ndinkadziwa. Chaka chilichonse mzere umodzi unkatsala wopinda kukhoma.

Wa ku Ntcheu uja anagula nyumba ku Corby, ndipo anasankhidwa kukhala mlembi wa mpingo. Pa msonkhano wina anaimirira ndi pepala m'manja. Anati a ku Corby tsopano achuluka kuposa a ku Leicester, mpingo utsatire anthu ake. Ndinaimirira. Ndinati ife okalamba galimoto tilibe, ndipo ulendo wa basi Lamlungu si wa munthu wa mawondo ngati anga. Sindinapemphe zambiri. Ndinati Lamlungu limodzi pamwezi tizikumanabe kuno.

Iye anamwetulira. "Madala, zinthu zinachenja. Pano pakufunika anthu otha kufila mafomu ndi kulankhula ndi khonsolo. Inu yanu munagwira, kapumeni. Nkhani zimenezi si za Sitandade 6."

Anthu anaseka. Si onse, koma ndinawayang'ana mmodzimmodzi amene anasekawo. Ambiri anali atagonapo pakapeti yanga. Manja anakwezedwa, mpingo unapita ku Corby. Kiyi ndinaika patebulo. Tinatsala asanu, tonse a imvi, ndipo tinabwerera pabalaza pomwe tinayambira.

Panadutsa zaka zitatu asanandiimbireko. Tsiku lina masana wa ku Ntcheu uja anagogoda. Anali ataonda, malaya akumulendewera. Mpando anaukana, anagwada.

"Malume, mayi a ana achoka. Ali ku Normanton kwa azakhali awo, ana atatu onse atenga."

"Mwawalakwira chiyani?"

"Mashifiti, Malume. Iwo akamalowa m'nyumba, ine ndikutuluka. Ndiye ndinachita chibwana ndi mayi wina wa kuntchito. Koma zinatha."

"Pitani ndi abusa anu a ku Corby. Si ophunzira kodi?"

"Ndinapita nawo. Azakhali anatibweza pakhomo. Akuti ukwati uwu anamanga ndi munthu mmodzi, ndipo adzalankhula ndi yemweyo basi. Mkazi wanga akuti ankhoswe akakhala pansi, ine n'kupepesa pamaso pawo, abwerera. Apo ayi akupita ku Scotland, ntchito anaipeza kale."

Ndinadikira. Mkazi wanga anabweretsa tiyi, tiyiyo anazizira ndikudikirabe. Akanangonena mawu amodzi okha, akuti ndinakulakwirani, ndikanavala jekete nthawi yomweyo. Sananene. Analankhula za ana, za nyumba, za manyazi ake kumpingo. Za msonkhano uja anali ataiwala. Chipongwe chimene ine ndinagona nacho zaka zitatu, iye sankachikumbukira n'komwe.

Ndinati, "Loweruka likubwerali, 2 koloko masana. Musavutike kudzanditenga. Basi ndinaizolowera."

Anandigwira dzanja ndi manja awiri, akuthokoza.

Loweruka ndinameta ndevu, ndinapukuta nsapato, ndinavala suti yanga yakuda. Kenako ndinakhala pampando wanga.

Mkazi wanga anatulukira kukhitchini. "Kodi inu, basi ikusiyanitu."

"Ipite."

Takhala limodzi zaka zoposa makumi anayi, sanafunikire kuuzidwa. "Nanga sutiyo mwavaliranji?"

"Kuti pasadzapezeke wonena kuti ndinaiwala tsiku."

"Bambo, anakunyozani ndi munthu mmodzi. Ana aja anakulakwirani chiyani? Wamkulu uja pa ubatizo munamunyamula ndinu."

"Akafunse bambo awo."

"Ndipo mayi wawo? Tsiku lija iye sanaseke. Ndinamuona, anaweramitsa mutu."

Zinali zoona, nanenso ndinamuona.

Foni inayamba kulira 2 koloko itangodutsa. Inali nambala ya mwamunayo. Inalira kasanu ndi kanayi, ndinawerenga. Kachikhumi inali nambala ya azakhali, ndipo imeneyo ndinayankha, pakuti mayiyo sanandilakwirepo.

"Ankhoswe, tonse takhala pansi. Mwafika pati?"

"Ndili kwanga, mayi."

"Mwadwala?"

"Ndili bwinobwino. Mumuuze kuti nkhaniyi ndi yaikulu. Yandikulira ine wa Sitandade 6."

Ndinkamva mwana akulankhula Chingerezi chapatali, akufunsa ngati agogo afika. Kenako mayiyo anati, "Ndimakuyesani munthu wamkulu." Anadula.

Azakhaliwo anasunga mawu awo monga ine ndinasungira chakukhosi changa. Sanalole nkhoswe ina. Amalume a kumudzi anali atamwalira kale, panalibe wosankha wina. Patatha miyezi iwiri mkaziyo anakweza katundu ndi ana ulendo wa ku Scotland. Nyumba ya ku Corby inagulitsidwa. Mwamunayo ulembi anausiya. Ndimamva kuti amakhala m'chipinda chimodzi, ndipo ana amawaona pafoni.

Abusa anabwera kudzandiuza za chikhululukiro. Ndinawapatsa tiyi. Ndinawafunsa kumene anali tsiku limene holo yonse inkaseka. Anati sakukumbukira bwino. Ine ndikukumbukira, anakhala kutsogolo, kumanja.

Mkazi wanga anatha milungu itatu osandilankhula. Atayambanso kulankhula, anandiuza kuti wapeza nesi wina womutenga pa galimoto Lamlungu. Tsopano amapemphera ku Corby. Amachoka m'mawa, amabwera madzulo, ndipo za kumeneko sandiuza. Mwa asanu tinatsala aja, mmodzi tinamuika m'manda kuno, wina anabwerera ku Lusaka, wina ana ake anamutengera ku Derby.

Ena amati ndinachita nkhanza. Anene. Munthu amene unamufunditsa bulangete lako akakuvula pagulu, adziwe kuti tsiku la kuzizidwa kwake lidzafika. Sindinapepese kwa munthu, ndipo pa msinkhu uno sindiyamba.

Koma kuwerenga ndimatha. Unatayika mpingo umodzi umene ndinauyamba ndi manja anga. Anzanga atatu. Ukwati umodzi wa zaka khumi ndi zisanu, umene ndinamanga ndine. Ulemu wa mayi mmodzi wa ku Normanton. Mkazi wanga, tsiku limodzi pa sabata. Ndi ana atatu amene ankanditcha agogo.