Chubu cha Pamapewa

Mumsewu wathu munali wosoka nsapato wina amene dzina lake lenileni linaperepeseka kalekale ngati chidendene. Tonse tinkangoti a Chubu. Mkati mwa sabata ankakhala pakhonde la sitolo, timisomali kukamwa, akukhoma nsapato za eni. Koma likati Loweruka, munthu ankasandulika. Ankatulutsa njinga yake yachitsulo, yowonda ngati galu wa mlenje, chiwongolero chopindikira pansi ngati nyanga za nkhosa. Ankavala kabudula wothina, kachipewa kopinda mlomo m'mwamba, ndi juzi ya ubweya imene akuti paunyamata wake inali yofiira. Pamwamba pa zonsezo ankapingasa chubu pamapewa, mopiringiza kumsana.

"Akatswiri akale ankatero," ankanena. "Wanjinga sapempha. Tayala laphwa, tsika, mata wekha, kwera."

Chodabwitsa nchakuti chubu cha pamapewacho sanachigwiritsepo ntchito. Chinali cha ulemu, ngati taye wa mphunzitsi. Tayala likaphwa ankagadamitsa njinga, nkusolola chubu cha m'kati, kuchipopa, kuchiyendetsa pamilomo mpaka kamphepo kamupsompsone. Apo ankalavulirapo, thovu likatuluka nkupala ndi kamwala, nkupaka guluu wa nsapato, nkumata. Chubu chimenecho chinali ndi zigamba pamwamba pa zigamba, moti mwini wake wa fakitale sakanachizindikira.

Mkazi wake njinga analibe nayo mlandu. Mdani wake anali juzi.

"Bambo a ana, juzi yanuyi ntchentche zimaipatsa moni," ankatero. "Ndikanaikolopera pansi, koma pansipo panalakwanji?"

Chaka ndi chaka kunkachitika mpikisano wa madoda pamsewu wa tala. Kumbuyo kwa onse kunkayenda lole yotola olephera, imene okwera njinga ankaitcha ya maliro. Woyendetsa wake anali mlamu wa a Chubu, mchimwene wa mkazi wake, munthu wa pakamwa posatseka. A Chubu analumbira kuti lole imeneyo sadzaikwera ali ndi mpweya. Ndiye chaka china mawondo atayamba kulira ngati chitseko, mkazi analamula kuti mpikisano umenewu ukhale wotsiriza. Kunangotsala ulendo umodzi kuti lumbiro lisungike.

Anayenda bwino ndithu, mpaka pachitunda chomaliza. Pamenepo tayala lakumbuyo linangoti fuu! Atasolola chubu anapeza kuti chang'ambika patsinde pa valavu, pamalo posagwira chigamba. Anzake onse anadutsa. Kenaka lole inafika nkuima pambali pake, mlamu nkusuzumira pawindo.

"Pepani anamfedwa! Thupi tinyamule pompano, kapena tidikire abale?"

"Alamu, tsekani pakamwa, mungameze ntchentche."

"Zakhuta juzi yanu, sizingabwere kuno. Kwerani, ndakuyalirani katoni."

A Chubu anaimirira mwaulemu, namasula chubu cha pamapewa pang'onopang'ono, ngati mfumu ikuvula mkanjo. Tsiku la chubucho linali litakwana. Anachilumikiza ku pampu nkupopa. Koma zaka zonse zija chubu chinkamwa thukuta ndi dzuwa, ndipo chinali chitauma ngati chikopa cha pang'oma. Mpweya unkalowa uku nkutulukira konsekonse, m'ming'alu yosawerengeka, chikulira ngati ana a mbewa.

Mlamu anaseka mpaka anagunda hutala ndi mphumi.

"Ndiye mwakhala mukubereka mtembo zaka zonsezi! Ndili ndi chubu chatsopano kumbuyoku. Ingonenani kuti chonde alamu."

A Chubu anachiyang'ana chubu chatsopanocho mmene wodwala shuga amayang'anira keke. Kulandira kunali kupempha. Anaunguza udzu woti aphatike m'tayala, koma m'mbali mwa msewu munali mopserera, phulusa lokhalokha. Kenaka anavula juzi, natulutsa kampeni kake kodulira zikopa.

Mlamu anasiya kuseka.

"Alamu, musatero. Imeneyo si munakwatira nayo mlongo wanga?"

"Yang'anani kumbali."

Anaidula mizeremizere, kuyambira manja, nkumaiphatika m'tayala ndi chala chachikulu, mpaka juzi yonse inalowa ndi masokosi omwe. Anabwezera tayala pamalo pake, napingasanso chubu chakufacho pamapewa opanda kanthu, nkukwera.

Njinga inkayenda monyinyirika, du, du, du, ngati ikutsika masitepe. Lole inkakwawa m'mbuyo mwake. Poyamba mlamu ankaimba nyimbo ya maliro, koma pofika pakati pa chitunda nyimbo inasintha.

"Palasani, nkhalamba inu! Mukagwa apa mlongo wanga andipha ine!"

A Chubu anafika komaliza anthu atayamba kale kupinda mipando. Mimba inali pamtunda, nthiti zikuwerengeka, kachipewa kali chilili. Anatsika panjinga yekha, osagwira lole ngakhale ndi chala.

Mkazi wake anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, namufunditsa nsalu yake.

"Juzi ili kuti?"

A Chubu analoza tayala lakumbuyo. Mayi uja anawerama, nanunkhiza, nadzuka msanga.

"Ilimodi. Musaitulutsemo, bambo a ana. Manda amenewo aikwana."

Njingayo inapachikidwa kudenga la chipinda chosungira nsapato, tayala lake lili chitupire. Ndipo nyengo yotentha ikafika, aliyense wobwera kudzatenga nsapato ankadziwa yekha kuti juzi ija idakalimo.