Mwala wa m'mphepete mwa munda wa tirigu

Amuna anga atatuluka m'chipatala mu 2018, adokotala anawauza kuti mtima wawo ukufuna aziyenda pansi kawirikawiri. Misewu ya ku Braunstone, dera la mumzinda wa Leicester komwe tinkakhala, inawatopetsa msanga, ndiye Loweruka ndikakhala pa ofu tinkakwera basi n'kukatsikira kumidzi ya kunja kwa Leicester.

Tsiku lina tikutsata kanjira ka m'mphepete mwa munda wa tirigu, tinapeza mwala wofika m'chiuno, utachita ndere. Panalembedwa kuti pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse ndege yankhondo inagwera pamenepo, ndipo onse amene analimo anafa. Amuna anga anavala magalasi n'kuyamba kuwerenga mayina. Atafika pa dzina lomaliza analiloza ndi chala.

"Uyutu ndi wakwathu," anatero. "Alemba kuti Southern Rhodesia."

Iwo anabadwira ku Harare, m'dziko lomwelo. Bambo awo anachoka ku Dedza ali mnyamata, n'kukakalambira m'khitchini mwa azungu, akuitanidwa ngati kamwana. Nkhani imeneyi amuna anga sankaikamba osapsa mtima.

"Ndiye kuti anali mzungu," ndinatero.

"Eya. Mwina bambo ankaphikira anthu ngati makolo ake."

Ndinkayesa tinyamuka pomwepo, koma iwo anakhala pansi paudzu.

"Taonani zaka zakezi. Mwana wathu wotsiriza ndi wamkulu kuposa iyeyu."

Loweruka lotsatira ananyamula burashi yanga yotsukira bafa ndi botolo la madzi. Ndinawaletsa kugwada nthawi yaitali, koma sanandimvere. Ali mkati mokwecha mwalawo, kunatulukira mayi wina wachizungu, mwini mundawo, ali ndi galu. Ndinaopa kuti atikalipira. Mayiyo anaima n'kumangoyang'ana, kenako anatiuza kuti akamalima amafukulabe tizitsulo ta ndegeyo, ndipo amatisunga m'chitini. Anafunsa ngati tinali achibale a mmodzi wa anyamatawo.

Amuna anga anayamba apukuta manja pathalauza.

"Ayi," anayankha m'Chingelezi. "Tinangochokera kumodzi."

Mayiyo anapita kunyumba kwake, n'kubwerako ndi tiyi m'fulasiki komanso chitini chija. Amuna anga anagwira kachitsulo kamodzi kopindika, akukatembenuza mosamala ngati dzira. Tinacheza mpaka basi inatisiya. Mayiyo anatitenga pa galimoto yake yonunkha nkhosa, ine nditakhala kumbuyo ndi galu, awiriwo kutsogolo akukambirana za mvula ya ku Harare.